Kodi kachiromboka kamadziwa malire?

Ndikufunseni, akuluakulu, inu amene munafika patali ndi sukulu. Kodi kachirombo ka HIV kamayenda ndi chiphaso? Kakafika pachipata cha Mwanza kapena cha Mchinji, kamaima pamzere kudikira chidindo? Ndikufunsa chifukwa ziwerengero zimene amalengeza pa wailesi zimamveka ngati kachiromboka kamadziwa pamene boma la Mulanje lathera, kamasiyanitsanso dziko la Aluya ndi la Azungu. Kwina kamalowa ndi mphamvu, kwina kamangosuzumira. Chonsecho amatiuza kuti njira zake n'zomwezo kulikonse: kugonana, magazi, ndi kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana.

Ine ndine telala. Makina anga ali pakhonde la sitolo ina moyang'anana ndi chipatala chaching'ono, ndipo ziwerengero zimene nditchule pano amandiwerengera ndi mwana wa mlongo wanga, yemwe ndi namwino. Amayankha zimene angathe, kenako amati, "Amalume, mafunso anu satha," n'kunyamuka. Otsalawo ndi amene ndabwera nawo kwa inu.

Tiyambire kwathu konkuno. Kafukufuku wa m'makomo wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo, pafupifupi 9 ali nako. Koma mumzinda wa Blantyre ndi 14, pamene Kasungu, Dowa, Ntchisi, Nkhotakota ndi Salima, kuwaphatikiza pamodzi, ndi 4 okha. Kafukufuku wina wa 2015 mpaka 2016 anaika Mulanje pamwamba pa maboma onse: munthu mmodzi mwa asanu alionse. Komatu munthu amadzuka ku Limbe m'mawa, madzulo wafika ku Ntchisi. Nsima yomweyo, mipingo yomweyo, boma limodzi. Kusiyanaku kwachokera kuti?

Mkulu wina pa bawo anati yankho n'losavuta, anthu a kum'mwera sadziletsa. Ndiye kuti ku Ntchisi kumakhala angelo? Ine ndasokera madiresi aukwati anthu a zigawo zonse, ndamvanso milandu ya kwa ankhoswe ya zigawo zonse, ndipo nkhani zake zimafanana. Wina anati ndi mdulidwe. N'zoona kuti ku Orange Farm ku South Africa, ku Kisumu ku Kenya ndi ku Rakai ku Uganda anapeza kuti mdulidwe umachepetsa mpata woti mwamuna atenge kachiromboka ndi magawo pafupifupi 60 pa 100. Nanga bwanji kwathu kuno chigawo chimene kuli jando ndi chomwe chili ndi chiwerengero chokwera?

Pamenepa namwino uja anandithandizako. "Amalume," anatero, "anyamata awiri atha kuchita chinthu chimodzi usiku umodzi, wina ku Ndirande, wina ku Ntchisi. Wa ku Ndirande mpata woti wakumana ndi munthu amene ali nako ndi waukulu kuposa katatu. Zochita n'zofanana, koma zotsatira zake n'zosiyana." Ndinamva. Koma n'chiyani chinachulukitsa anthuwo poyambapo? Anatchula minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi ku Mulanje, kusowa kwa malo olima kumene kumathamangitsira amuna kutauni, ndi malole a pamsewu wa Mwanza wopita ku Tete ndi ku Harare. Anatinso kachiromboka kanafika msanga kumeneko, n'kupeza zaka zambiri zoyenda mwakachetechete, chifukwa munthu woyamba anapezeka nako m'dziko muno mu 1985, nthawi imene nkhani ngati imeneyi sinkakambidwa pagulu.

Tsono ku Tete komweko, kumene malole aja amadutsa, chiwerengero sichifika ngakhale theka la cha ku Gaza, kum'mwera kwa Mozambique, kumene munthu mmodzi mwa asanu ali nako. Ndipo akatswiri amati mliriwu unayamba kufalikira ku Kinshasa cha m'ma 1920, koma lero ku Congo komweko sikufika munthu mmodzi pa 100, pamene ku Eswatini, kutali kwambiri ndi kumeneko, ndi mmodzi mwa anayi. Ndinkamva anthu akuti ndi matenda a umphawi. Botswana ali ndi miyala ya dayamondi, koma akuluakulu mmodzi mwa asanu ali nako. Niger ndi wosauka ngati ife tomwe, koma sikufika mmodzi pa 100. Umphawi wake uti?

Chimene Gaza, Eswatini, Lesotho, Botswana ndi ife tikufanana ndi Joni. Agogo athu ndi abambo athu ankapita pa Wenela ndi pa Theba, kukakhala m'makomponi a amuna okhaokha chaka chathunthu kapena ziwiri, akazi atatsala kumudzi. Pa ntchito yanga timadziwa kuti malaya amayamba kung'ambika pamene msoko unali wofooka kale, ndipo msoko wa mabanja a kum'mwera kwa Africa unafooketsedwa kachiromboka kasanabwere n'komwe. Pakati pa 1988 ndi 1992 Amalawi pafupifupi 13,000 anabwezedwa kuchokera kumigodi ya ku South Africa pa mkangano wa kuyezetsa magazi, akuwanena kuti ndiwo abweretsa Edzi. Lero dziko limenelo ndi limene lili ndi anthu ochuluka kwambiri padziko lonse amene ali nako, pafupifupi 8 miliyoni. Kuwabweza kuja kunatseka chiyani? Nanga amene anakonza zoti mwamuna azikhala zaka ziwiri osaona mkazi wake anafunsidwapo mlandu?

Koma chimene chandisowetsa tulo kwenikweni ndi nkhani ya masiku ano. Bungwe la UNAIDS linati mu 2023 anthu pafupifupi 40 miliyoni anali ndi kachiromboka padziko lonse, oposa theka ali kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa. Izi sizinandidabwitse. Chinandidabwitsa ndi cha anthu otenga kumene. Kuyerekeza 2023 ndi 2010, kuno kwathu kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa achepa ndi magawo 59 pa 100. Kuzambwe ndi pakati pa Africa achepa ndi 46. Koma ku Latin America awonjezeka ndi 9, kum'mawa kwa Ulaya ndi pakati pa Asia awonjezeka ndi 20, ndipo kumayiko a Aluya ndi kumpoto kwa Africa chiwerengero chawirikiza n'kupitirira. Kwa nthawi yoyamba, anthu amene anatenga kachiromboka m'chaka chimodzi anali ambiri kunja kwa Africa wa kum'mwera kwa Sahara kuposa mkati mwake. Ndinamuuza mwanayo awerengenso. Anawerenganso, zinali zomwezo.

Abale, dziko la Russia limatumiza anthu mumlengalenga. Ife pachipatala cha kutsidya kwa msewuchi tsiku lina panado amasowa. Zikutheka bwanji kuti chigawo chonse chija cha kum'mawa kwa Ulaya ndi pakati pa Asia, cha anthu 2.1 miliyoni amene ali nako, amene ali pa mankhwala ndi theka lokha, pamene kuno mwa anthu 100 odziwa kuti ali nako, 98 akumwa ma ARV?

Akuti kumeneko kachiromboka kamayenda kwambiri pakati pa anthu odzibaya mankhwala ozunguza bongo, amene amabwerekana singano, komanso amuna ogonana ndi amuna anzawo, amayi oyendayenda, ndi akazi kapena amuna a anthu amenewa. Onsewa ndi anthu amene apolisi amawasaka. Ku Russia mankhwala otchedwa methadone, amene mayiko ena amapatsa anthu kuti asiye kudzibaya, ndi oletsedwa. Ku Philippines anyamata otenga kumene achuluka kangapo konse kuyambira 2010. Ku Fiji boma linalengeza mliri mu Januwale 2025, ndipo singano zomwezi zikutchulidwa. Funso langa ndi la mwana: munthu akadziwa kuti dzina limene alembetse kuchipatala litha kukafika kupolisi kapena kwa abwana ake, apita kukatani? Nanga akapanda kupita, kachiromboka kamakhala phee kudikira kuti alape kaye?

Ndisaseke anzathu. Malamulo athu nawonso amalamula zaka mpaka 14 kundende kwa mwamuna wogona ndi mwamuna mnzake, ndipo bwalo la milandu linakana kuwachotsa mu 2024. Mwa amayi oyendayenda m'dziko muno pafupifupi theka ali nako. Ine ndimapemphera Lamulungu lililonse ndipo sindikupempha abusa kuti asinthe ulaliki. Ndikungofunsa: bambo amene wachoka kwa mayi woyendayenda usiku amakagona kuti? Si kunyumba kwake, kwa mayi wa chigwirizano amene sanalakwe kanthu? Ndiye tikamuthamangitsa mayi woyendayenda uja pakhomo la chipatala ndi mawu onyoza, amene tamuteteza ndani?

Za kuyeza nazo zili ndi zake. Ndinapitako, ndipo sizichedwa. Mlangizi amakupukuta chala, n'kukubaya pang'ono, dontho la magazi n'kuliika pa kapepala kakang'ono ngati kachidutswa ka tepi yanga yoyezera. Amadonthezerapo timadzi, n'kukhazika wotchi patebulo. Mphindi 15 zimenezo mumacheza za mvula ndi mtengo wa chimanga, koma maso ali pa kapepalako. Mzere umodzi, mulibe. Mizere iwiri, amatenga timapepala ta mitundu ina kuti atsimikize, ndipo zikagwirizana mutha kutuluka ndi botolo la mankhwala tsiku lomwelo. Wondiyezayo sanali dokotala, sanalinso namwino. Anali mnyamata wa Fomu 4 amene anamuphunzitsa ntchito imeneyo basi.

Kulinso kachipangizo kodziyezera wekha, kopukutira nkhama, kamene kanayesedwa m'makomo a anthu ku Blantyre zaka zingapo bungwe la WHO lisanakavomereze mu 2016. Apa ndinafunsa: mumati kachirombo sikafala ndi malovu, nanga kamtengo kam'kamwaka kamakaona bwanji? Ati sikaona kachirombo, kamaona zizindikiro zimene thupi lapanga polimbana nako. Chabwino, limenelo layankhidwa.

Limene silinayankhidwe ndi ili. Ku Ulaya, kumene zipatala zili ndi makina a mtundu uliwonse, oposa theka la anthu amene amapezeka nako amapezeka mochedwa, chitetezo cha m'thupi chitatsika kale. Akuti dokotala akaona bambo wa zaka 55 wapabanja akuonda ndi kutsokomola, amayeza zina zonse koma za HIV sizimufikira m'mutu, ndipo bamboyo nayenso sizimufikira. Kuno kwathu ukangotsokomola milungu iwiri, kapena ukatuluka mashingozi, ngakhale agogo osadziwa kulemba amati, "Mwanawe, kayezetse." Kodi maliro amene tinaika m'ma 1990 ndiwo anatiphunzitsa zimene sukulu zawo sizinawaphunzitse?

Komabe pabenchi la kutsidyaku ndimaona zitenje, mathalauza ndi owerengeka. Mayi aliyense woyembekezera amayezedwa kusikelo, ndiye amayi amadziwa. Bambo ukamufunsa amati, "Mayi akunyumba anayezetsa, ali bwinobwino, ndiye kuti nanenso ndili bwino." Magazi a mkazi amayankha bwanji za mwamuna? Kafukufuku wa 2020 uja anapeza amayi oposa 10 pa 100 ali nako, amuna 7, koma pa kudziwa m'mene alili amuna ndi amene amatsalira. Ndipo mu 2023, mlungu uliwonse, atsikana ndi amayi achichepere pafupifupi 3,100 a zaka 15 mpaka 24 ankatenga kachiromboka kuno ku Africa wa kum'mwera kwa Sahara, kuchuluka kwambiri kuposa anyamata a msinkhu wawo. Ngati anyamata anzawo alibe, atsikanawa akukatenga kwa yani? Ndikayang'ana amene amaimitsa galimoto pafupi ndi sukulu ya sekondale madzulo, ambiri ndi a msinkhu wanga.

Tifike pa mankhwala. Ku America ndi ku Ulaya mankhwala ophatikiza mitundu itatu anayamba kudzutsa anthu pamphasa mu 1996. Kuno anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004. Zaka zisanu ndi zitatu zapakatipo ndi zimene akalipentala a m'mbali mwa misewu anasiya mipando n'kuyamba mabokosi, ifenso atelala tinkasoka nsalu zamaliro kuposa zaukwati. Mtengo unali madola oposa 10,000 munthu mmodzi pachaka, mpaka kampani ya Cipla ya ku India inati mu 2001 itha kupanga pa madola 350. Ngati zinatheka pa 350, enawo ankalipiritsa chiyani?

Chaka chomwecho cha 2001, Andrew Natsios, amene ankatsogolera bungwe la USAID, ananena poyera kuti anthu ambiri a ku Africa sadziwa wotchi, choncho sangathe kumwa mankhwala pa nthawi yake. Lero mwa Amalawi 100 amene ali pa mankhwala, 97 tizirombo tawo tatsika mpaka posaopsa. Ku America, mwa anthu amene anapezeka nako, amene afika pamenepo ndi awiri mwa atatu alionse, ndipo theka la opezeka kumene ali m'zigawo za kum'mwera kwa dzikolo, kumene anthu akuda osauka ndi ambiri. Wotchi ya ndani imene ikuyenda bwino?

Ndikaonetsetsa, zambiri zimene zinatithandiza zinabadwa chifukwa chosowa. Madokotala analipo ochepa, ndiye ntchito anaipereka kwa makiliniko ofesala ndi anamwino, monga anachitira a bungwe la MSF ku Chiradzulu. Makina oyezera chitetezo cha m'thupi anali m'zipatala zowerengeka, ndiye mu 2011 Malawi anangoti mayi aliyense woyembekezera amene ali nako ayambe mankhwala a moyo wake wonse, osadikira makina. Ena kunja anadodoma, koma patapita zaka ziwiri WHO inalangiza mayiko ena kutsata njira yomweyo, ndipo mu 2015 inati aliyense wopezeka nako ayambe basi. Ku Tete chipatala chinali kutali, ndiye kuyambira 2008 anthu ankapanga magulu a asanu ndi mmodzi, mmodzi n'kumapita kukatengera anzake mosinthana. Mu 2011 kafukufuku amene mabanja a ku Lilongwe ndi ku Blantyre anatengapo mbali anaonetsa kuti munthu akayamba mankhwala msanga, mpata wopatsira mnzake umatsika ndi magawo 96 pa 100. Ndiye kuti mzere wa pabenchi uja ndi umene ukutsitsa chiwerengero cha otenga kumene. Mankhwala oyamba aja ankaphwetsa masaya, munthu ankadziwikira patali. Kuyambira 2019 ambiri ali pa 13A, piritsi limodzi patsiku, ndipo ena amalandira a miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi. Mayi wina amene ndimamusokera anandipempha kachikwama ka nsalu yochindikala kuti mabotolo asamalire akakwera minibasi. Ndinasoka, sindinafunse zambiri. Koma mumtima ndinati, anthu miliyoni imodzi m'dziko muno akumwa zomwezi, amene akumubisira ndani?

Kuzambwe kwa Africa anthu amene ali nako ndi ochepa poyerekeza ndi kuno, ndiye ndinkayembekeza kuti kuwasamala n'kosavuta. Ayi ndithu. Kumeneko mwa ana atatu amene ali nako, amene ali pa mankhwala ndi mmodzi. M'mayiko angapo piritsi ndi laulere, koma kulembetsa, kuonana ndi dokotala ndi kuyezetsa magazi n'kolipira, ndipo ndalama zambiri za othandiza zinapita kumene maliro anali ochuluka. Kodi dziko liyambe laika anthu angati kuti alikumbukire? Ana atsalira ngakhale padziko lonse: mu 2023 akuluakulu 77 pa 100 anali pa mankhwala, ana 57. Khanda saliyeza ndi kapepala kaja, chifukwa zizindikiro za mayi ake zimakhalabe m'magazi mwake. Pa milungu isanu ndi umodzi amalibaya kuphazi, magazi n'kuwaumitsa pa khadi, khadi n'kukwera njinga yamoto kupita kulabotale. Zotsatira zikamabwera, mayi uja nthawi zina wasamuka, kapena wapita kukakolola kwawo. Cuba anathetsa kupatsirana kwa mayi ndi mwana mu 2015, Thailand mu 2016. Cuba si dziko lolemera. Anachita chiyani chimene ife sitingathe?

Tsopano kwabwera jakisoni woteteza munthu kuti asatenge kachiromboka. Wa miyezi iwiri anayamba kubayidwa ku Zambia ndi kuno mu 2024. Wina, lenacapavir, ndi wa kawiri pachaka. Anamuyesa pa atsikana a ku South Africa ndi ku Uganda, ndipo mwa oposa 2,000 amene anabayidwa palibe ndi mmodzi yemwe amene anatenga kachiromboka. Ku America mtengo wake ndi madola pafupifupi 28,000 pachaka. Makampani a ku India alonjeza kupanga pa madola 40 kuyambira 2027, kuti agulitsidwe m'mayiko 120. Nkhani yabwino. Koma Brazil, Peru, Argentina ndi Mexico sali pa mndandandawo, chonsecho anthu akumeneko anapereka matupi awo poyesa jakisoni yemweyu, ndipo chigawo chawo ndi chimodzi mwa zimene chiwerengero chikukwera. Ati mayikowo si osauka mokwanira. Mnyamata wa m'makwalala a Lima amene alibe ntchito, boma lake likakhala ndi ndalama pang'ono, iyeyo walemera?

Chaka cha 2025 chomwe jakisoniyu anavomerezedwa ku America ndi chomwenso Donald Trump, atangolowa mu Januwale, anaimitsa chithandizo cha mayiko akunja kwa masiku 90, kenako USAID n'kutsekedwa. Ndalama za PEPFAR, zimene George W. Bush anayambitsa mu 2003, ndi zimene zinkalipira alangizi ambiri oyeza magazi, olemba pa kompyuta, ndi aja amayenda m'midzi kutsata anthu osiya mankhwala. Ndinawaona ena a iwo atakhala pakhonde langa m'mawa wa tsiku lantchito, atauzidwa kuti adikire kunyumba. Mapiritsi enieniwo pafupifupi onse amagulidwa ndi ndalama za Global Fund, ndipo wopereka wamkulu kumenekonso wakhala America yemweyo. Apa ndi pamene mutu wanga umaima. Timanyadira kuti taposa Russia, taposa America, ndipo ziwerengero zikuvomereza. Koma taposa ndi ndalama za yani?

Mu 2001 atsogoleri a mu Africa anasonkhana ku Abuja n'kulonjeza kuti magawo 15 pa 100 a ndalama za boma azipita ku zaumoyo. Mayiko amene anasunga lonjezolo ndi owerengeka pa zala. South Africa amagula yekha ma ARV ake ambiri, Botswana chimodzimodzi. Ife bwanji? Mu 2023 mtengo wa piritsi la 13A lija unatsika kufika pansi pa madola 45 munthu mmodzi pachaka. Ndinachulukitsa ndi choko patebulo langa lodulira nsalu: anthu miliyoni imodzi, madola 45 miliyoni pachaka, osawerengera malole onyamula, malabotale ndi malipiro a anthu. Ndalama zimenezi ndi zakunja, zomwe zija timagona nazo pamzere wa petulo chifukwa chosowa. Kunyumba ya malamulo ndamva aphungu akukangana masiku ambiri za feteleza wotsika mtengo, ndipo n'zoyenera. Ndi tsiku liti limene anakhalapo pansi kuwerengera kuti othandizawa akadzatseka thumba, mankhwala amenewa adzagulidwa ndi ndalama zochokera pati, ndipo adzachotsa kuti?